Tokina 11-16mm f/2.8 mumdima wa ku Kasungu: kuwala imakoka ndithu, koma fokasi muziika nokha

Aliyense wojambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Kasungu amaidziwa nthawi yovuta ija. Perekaniperekani watalika, dzuwa lalowa, mu holo mwatsala mababu awiri kapena atatu, mwinanso magetsi athima ndipo jenereta ikungokwanira zokuzira mawu. Ukadina batani, lenzi imangolira kupita uku ndi uku, kusakasaka, kamera n'kukana kujambula. Ikavomera, pa sikirini yaing'ono ya kumbuyo chithunzi chimaoneka ngati chagwira. Ukachitsegula pa kompyuta ndi pamene umaona kuti nkhope ya mkwatibwi ili mbuu, pamene nsalu zokongoletsera khoma zikuoneka ulusi uliwonse. Ukwati subwerezedwa, ndipo banja limene linalipira silingamve zoti kunali mdima.

Lenzi imene ambiri amaithamangira pofuna kuthana ndi zimenezi ndi Tokina AT-X 11-16mm f/2.8 PRO DX II. Tinenepo maganizo athu poyambirira pomwe: kwa wojambula usiku ndi kamera ya DSLR ya sensa yaing'ono, ndalama zake sizipita pachabe. Koma woigula poyembekezera kuti autofocus yake, ija imadzipezera yokha fokasi, ithana ndi mdima adzakhumudwa sabata yoyamba. Mphamvu yake ili pa zinthu ziwiri, aperture (kabowo kolowetsa kuwala) ya f/2.8 imene sisintha kuyambira pa 11mm mpaka pa 16mm, ndi mphete ya fokasi imene imasuntha magalasi yokha popanda kudalira mota, yokhala ndi kawindo koonetsa mtunda. Zimenezi n'zimene zimalola munthu kuika fokasi ndi dzanja kamodzi, n'kujambula mwambo wonse osaikhudzanso.

Lenziyi ndi ya kampani ya ku Japan, ndipo inatuluka mu 2012 kulowa m'malo mwa yoyamba ya mu 2008. Imalemera pafupifupi magalamu 550, imavala fyuluta ya 77mm, ndipo fokasi imagwira kuyambira pa masentimita 30. Inapangidwira makamera a sensa yaing'ono aja, otchedwa APS-C, monga Canon 600D, 700D, 1300D, 2000D ndi 80D, kapena Nikon D3300, D3500, D5600 ndi D7200. Pa Canon imaona ngati lenzi ya 18mm mpaka 26mm pa kamera ya sensa yaikulu (full frame), pa Nikon ngati 16.5mm mpaka 24mm. Eni Nikon achenjere: mtundu woyamba uja, wopanda II, ulibe mota mkati, choncho pa ma D3000 ndi ma D5000 onse autofocus siigwira n'komwe. Werengani dzina lonse pa lenzi musanapereke ndalama.

Chimene chimasokoneza kamera mumdima n'chiyani kwenikweni? Autofocus ya DSLR, mukamajambula mosuzumira mu viewfinder, siifuna nkhope. Imafuna malire, pamene choyera chakumana ndi chakuda, monga kolala ya malaya oyera pa suti yakuda. Ilinso ndi mlingo wa kuwala, woyezedwa mu EV, umene ukachepa kuposa pamenepo imasiya ntchito. Canon 1300D ndi 2000D zimathera pa EV 0, Nikon D3500 ndi D5600 pa EV -1, pamene Canon 80D ndi Nikon D7200 zimatsika mpaka EV -3. EV 0 ndi mdima umene pa ISO 100 (ISO ndi mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) ndi f/2.8 ungafune kuti shutter, kachitseko kolowetsa kuwala, ikhale yotseguka masekondi 8, ndipo EV -3 ndi pafupifupi kuwala kwa mwezi wathunthu pabwalo. Manambala amenewa amayezedwa pa chinthu cha malire ooneka bwino. Pa nkhope ya munthu wovala zakuda, woima patsogolo pa khoma lakuda, kamera imagonja mdima usanafike pamenepo.

Lenzi yotambalala imaonjezera mavuto ake awiri. Pa 11mm munthu woima pa mamita 4 amachepa kwambiri moti kadontho ka fokasi kamatenga mutu wake pamodzi ndi zakumbuyo, ndipo kamera imasankha chimene chikuwala koposa, timagetsi ta pa steji kapena mafelemu a mawindo. Vuto lachiwiri ndi diso lanu lomwe. Viewfinder ya makamera otsika mtengo ndi yaing'ono ndi yakuda, ndipo pa 11mm chilichonse chimaoneka ngati chagwira ngakhale chisanagwire. Osaikhulupirira usiku.

Apa ndi pamene f/2.8 imaonetsa ntchito yake. Kamera imayeza fokasi aperture ili yotseguka yonse, ngakhale inu mutasankha f/8. Lenzi ya f/2.8 imalowetsa kuwala kochuluka kawiri ndi theka kuposa ya f/4.5, ndi kanayi kuposa ya f/5.6. Pa Canon 600D ndi 700D kadontho kapakati kamayezanso molondola koposa kakapeza lenzi ya f/2.8. Choncho mu tchalitchi cha mababu ochepa, kapena m'chigafa cha fodya masana, autofocus ya Tokina imagwira pamene ya lenzi ya 18-55mm yayamba kale kusakasaka. Kuti igwire, zimitsani timadontho tonse n'kutsala ndi kapakati, ikani autofocus yogwira kamodzi n'kuima, One Shot pa Canon kapena AF-S pa Nikon, ndipo muloze pa malire enieni: kolala, m'mphepete mwa duku, maluwa a m'manja mwa mkwatibwi. Mukaloza pa tsaya kapena pa diresi loyera lokhalokha, isakasaka.

Kathandizo ka kuwala ka pa kamera musakadalire kwambiri. Nikon imanena yokha kuti kanyali kake koyera kamafika mamita 3 okha, kanapangidwira malenzi oyambira pa 18mm, ndipo hood, chotchingira kuwala cha kutsogolo kwa lenzi, imakatchinga. Makamera ang'onoang'ono a Canon amaphethiritsa fulashi yapamwamba ija, zimene zimathobwa anthu m'maso pa mwambo wa mapemphero. Chothandiza zedi ndi fulashi yapadera, monga Canon 430EX II kapena Godox TT685, imene imaponya timizere tofiira mpaka pafupifupi mamita 10 pa kadontho kapakati. Timizere timeneti sitituluka pa autofocus yotsatira chinthu choyenda, AI Servo pa Canon kapena AF-C pa Nikon, ndiponso sitituluka mukamajambulira pa sikirini. Ambiri amaganiza kuti fulashi yafa pamene angoiwala zimenezi. Kumbukiraninso kutulutsa kagalasi kotambasula kuwala ka pa mutu wa fulashi, apo ayi m'mbali mwa chithunzi cha 11mm mudzada. Fulashi ya pa kamera yeniyeniyo imasiya mthunzi wa lenzi m'munsi mwa chithunzi, ndiye ndi lenzi iyi ingoiwalani.

Tsopano mphete ija. Tokina ilibe kaswitchi ka AF (autofocus) ndi MF (fokasi ya dzanja). Mumakokera mphete yonse ya fokasi kwa inu kuti mupotokole ndi dzanja, n'kuikankhira kutsogolo kuti ibwerere ku autofocus. Mumdima n'zabwino, chifukwa dzanja limaipeza osayatsa tochi. Koma ili ndi khalidwe limodzi loipa: poikoka, mano ake akamalumana, fokasi imatha kusuntha pang'ono. Wogwiritsa autofocus kuti apeze mtunda kenako n'kukoka mphete kuti autseke amapeza kuti wautaya pomwepo. Njira yopewera n'kuchotsa autofocus pa batani lojambulira n'kuiika pa batani la kumbuyo. Pa Canon zili mu Custom Functions, pa gawo la Shutter/AE lock button, ndipo pa Nikon mumasintha batani la AE-L/AF-L kuti likhale AF-ON. Mukatero mumadina ndi chala chachikulu kamodzi, fokasi n'kukhala pomwepo mpaka mutadinanso.

Pojambula anthu, njira yodalirika kuposa zonse n'kuika mtunda umodzi n'kudziwa malire ake. Manambala awa ndi a Canon, a Nikon amasiyana pang'ono chabe. Pa 11mm ndi f/2.8, fokasi ikakhala pa mamita 2.5, chilichonse kuyambira pa mita 1.2 mpaka kutali chimaoneka bwino pa chithunzi chotsukidwa kapena cha pa foni. Mukatseka kufika pa f/4 n'kuika pa mamita 2, malire amayambira pa masentimita 90. Pa 16mm mpata umachepa: f/2.8 pa mamita 3 imagwira kuyambira pa mita 1.9 mpaka mamita 8, pamene f/4 pa mtunda womwewo imagwira kuyambira pa mita 1.6 mpaka kupitirira mamita 20. Wojambula mzere wa ovina, kwaya pa mapemphero ochezera usiku, kapena makandulo a Misa ya usiku wa Pasaka, angoika 11mm, f/4, mamita 2, n'kumayenda ndi miyendo kuti asayandikire munthu kuposa mita imodzi.

Chovuta n'chakuti manambala ambiri a pa kawindo ndi a mitunda yaifupi, ndipo kuyambira pa mamita 2 mpaka kutali zonse zapanikizana pa kampata kakang'ono. Konzekeranitu masana. Yezani mamita 2, 2.5 ndi 3 ndi tepi ya amisiri kuchokera pa kamera, ikani mpando kapena katoni ya zilembo pa mtunda uliwonse, gwiritsani fokasi, kenako jambulani kawindoko ndi foni. Usiku mudzangofananitsa. Kulemba chizindikiro pa mphete yeniyeniyo sikuthandiza, chifukwa mphete ikapita ku autofocus imasiyana ndi magalasi, ndipo pobwerera imalumana pena.

Si chithunzi chilichonse chachimbuuzi chimene chaphonya fokasi, ndipo kusiyanitsa kumapulumutsa nthawi. Chikulitseni pa sikirini. Ngati pali chinthu china chooneka bwinobwino, kumbuyo kapena kutsogolo kwa munthu, ndiye fokasi yaphonya. Ngati zonse zakokekera mbali imodzi, mpaka mababu aoneka ngati timizere, dzanja lagwedera. Ngati khoma lili bwino pamodzi ndi okhala pansi koma ovina okha ndiwo afufutika, shutter yachedwa. Tokina ilibe chothandiza kuti chithunzi chisagwedere, koma pa 11mm dzanja lokhazikika limakwanitsa shutter ya 1/30 ya sekondi. Ovina chimtali kapena mganda amafuna 1/200 kapena kuposa, ndipo mumdima izi zikutanthauza ISO 3200 kapena 6400. Chithunzi cha mchengamchenga chifukwa cha ISO yokwera chimakonzeka pa kompyuta, chofufutika sichikonzeka. Ndi fulashi, yambirani pa 1/30, f/4, ISO 1600, kuti anthu aime bwino koma holo isade bii kumbuyo kwawo. Pa vidiyo, poti magetsi athu ndi a 50 Hz, khalani pa zithunzi 25 pa sekondi (25fps) ndi 1/50 kuti mababu asaphethire, ngakhale kuti jenereta yosakhazikika imabweretsabe mizere nthawi zina.

Nyenyezi ndi nkhani ina, ndipo pano lenzi iyi timaikondadi. Kasungu ili ndi thambo limene ojambula a m'mizinda ikuluikulu amalilakalaka. Mukangotuluka m'tauni kulowera ku Kasungu National Park, cha ku Lifupa, kapena kumidzi ya ku Chulu ndi Kaluluma, Mlalang'amba umaoneka ndi maso, ndipo mu Juni ndi Julayi pakati pake powala pamadutsa pafupifupi pamutu penipeni. Cholakwika chofala n'kupotokola mphete mpaka pothera, kapena kuiika pa chizindikiro cha ∞, chija chooneka ngati 8 wogona. Pa malenzi ambiri malo enieni sakhala ndendende pa chizindikirocho, ndipo kutentha ndi kuzizira kumawasuntha pang'ono. Cholakwika chachiwiri n'kugwiritsa manambala a anthu aja. Fokasi ikakhala pa mamita 2.5, nyenyezi iliyonse imafufuma mpaka pafupifupi ma pixel 5 pa kamera ya 24 megapixel. Pa nkhope zimenezi sizioneka, pa nyenyezi zimaonekeratu.

Chitani motere. Kamera ikhale pa tripod, fyuluta ya UV muichotse, hood muisiye. Sankhani kaye 11mm kapena 16mm, chifukwa kusintha zoom pambuyo pake kumafuna kuyambiranso fokasi. Kokani mphete, ikani kamera pa M (yosankha zonse nokha), f/2.8, masekondi 20, ISO 6400, n'kutsegula Live View, yoonera chithunzi pa sikirini. ISO yokwerayo ndi yoti sikirini iwale. Lozani nyenyezi yowala koposa, kapena Nthanda ngati ilipo, muiike chapakati, kenako kulitsani ka 5, n'kufika ka 10. Potokolani pang'onopang'ono. Nyenyezi iyamba ngati kampira, ichepa, kenako iyambanso kukula. Bwererani pamene inachepetsetsa, ndipo chizindikiro chabwino n'chakuti tinyenyezi tina tofooka timatulukira pambali pake pa nthawi yomweyo. Matani mphete ndi tepi yomatira mawaya a magetsi, tsitsani ISO kufika pa 3200 kapena 1600, jambulani ndi timer ya masekondi 2, ndipo chithunzi choyamba muchikulitse n'kuona pakati ndi m'makona musanapitirize.

Kamera ikalephera kuonetsa nyenyezi pa sikirini, zimene zimachitika ndi ma 1300D ndi ma 600D, gwiritsani getsi lofiira la pa nsanja ya mafoni, nyali ya nyumba yakutali, kapena tumani mnzanu akaime ndi tochi. Pa 11mm mamita 30 akwanira, pa 16mm apite mamita 50. Pa mtunda umenewo kusiyana kwake ndi nyenyezi sikufika pixel imodzi. Masekondi asapitirire 20 pa 11mm kapena 13 pa 16mm, apo ayi nyenyezi ziyamba kukoka michira, ndipo mudzada fokasi pamene vuto ndi kuzungulira kwa dziko.

Nyengo nayo imanamiza. Mu Juni ndi Julayi mame amagwa pa galasi lakutsogolo pakati pa usiku, zithunzi n'kuyamba kufewa pang'onopang'ono ngati fokasi yasuntha. Muziunika galasi ndi tochi mphindi 15 zilizonse, ndipo muzionanso fokasi kukazizira kwambiri. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa moto wolusa m'tchire ndi fumbi zimaphimba nyenyezi za m'munsi, ndiye miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Julayi, masiku a mdima pamene mwezi kulibe. Live View imadya batire msanga, tengani awiri. Ndipo chonde, m'nkhalango ya Kasungu musayende usiku kukafuna malo abwino popanda woyang'anira nyama. Mvuu za pa damu la Lifupa zimatuluka kukadya usiku, ndipo njovu zinachuluka chibweretsereni zina 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022. Chimodzimodzi kumudzi: gule wamkulu wa usiku kapena pa siwa, kamera isatuluke m'chikwama amfumu ndi eni mwambo asanalole.

Zofooka zake zilipo, ndipo chachikulu ndi kuwala kolowa molunjika. Babu, tochi ya foni kapena nyali za galimoto za pa M1 zikalowa m'chithunzi, pamabwera timipira tobiriwira ndi chifunga chimene chimafafaniza mitundu. Fyuluta yotchipa ya UV imaonjezera vutoli, ndiye usiku izichoka. Kusuntha phazi limodzi kuti babu libisike kuseri kwa mutu wa munthu kumathandiza kuposa china chilichonse. M'mphepete mwa zinthu zowala mumaoneka kamzere ka pepo kapena kobiriwira, koma aka kamachoka mosavuta pa kompyuta mukajambula RAW, mtundu wa fayilo umene kamera sinaukonze. Makona pa f/2.8 ndi ofewerapo, amakhala bwino pa f/4, ndipo amafikapo pa f/5.6. Mota yake imamveka, moti pa vidiyo imalowa m'mawu. Kuchoka pa 11mm kufika pa 16mm ndi kamtunda kochepa, kotero si lenzi yokhala nayo yokha pa ukwati. Ndipo monga malenzi onse otambalala, imakoka nkhope za m'mbali: ankhoswe mukawaika kothera kwa mzere pa 11mm atuluka otambalala mutu. Pa gulu, pitani pa 16mm n'kubwerera m'mbuyo.

Poyerekeza ndi Canon EF-S 10-18mm f/4.5-5.6 IS STM ya mu 2014, imene kawirikawiri imatsika mtengo: ya Canon ndi yopepuka, magalamu 240 okha, siichita phokoso, ili ndi IS yoletsa chithunzi kugwedera, ndipo siivutika kwambiri ndi mababu. Masana, pojambula nyumba, minda ya fodya kapena vidiyo pa 80D ndi 250D, ndi yabwino kuposa Tokina. Usiku imagonja. Pamene Tokina ili pa ISO 1600, iyo imafuna pafupifupi 4000 pa 10mm ndi 6400 pa 18mm. IS imaletsa kugwedera kwa dzanja koma siimitsa wovina kapena nyenyezi. Ilibe kawindo ka mtunda, ndipo mphete yake imangotumiza uthenga ku mota, moti kamera ikagona mphete siichita kanthu. Samyang 14mm f/2.8, imene ena amaidziwa kuti Rokinon, ndi yabwino pa nyenyezi, koma mtundu wake wofala ulibe autofocus, suvala fyuluta, manambala ake a mtunda nthawi zambiri salondola, ndipo pa Canon ya APS-C imaona ngati 22mm, osatambalala kwenikweni. Wopeza Tokina 11-20mm f/2.8 ya mu 2015 pa mtengo woyandikana atenge imeneyo, angodziwa kuti fyuluta yake ndi ya 82mm.

Ambiri aigula yogwiritsidwapo kale ntchito, ku Lilongwe kapena kwa obwera nazo kuchokera ku Johannesburg, choncho pitani ndi kamera yanu. Unikani ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo n'kuyang'ana kutsogolo. Tifumbi tochepa tilibe vuto, koma tiulusi tonga ukonde wa kangaude ndi chuku, ndipo chimenecho chimafalikira. Kokani ndi kukankha mphete kangapo: izilowa ndi kutuluka mosakakamira, ndipo pa MF manambala a pa kawindo aziyenda osadumpha. Jambulani kangapo pa f/2.8 ndi pa f/16, pa 11mm ndi pa 16mm. Canon ikalemba Err 01, pukutani timapini ta kumbuyo ndi kansalu kouma, ndipo ikabwerezanso isiyeni, chifukwa vuto likhoza kukhala kawaya ka mkati. Pomaliza ikani fokasi pa chinthu chakutali, monga nsanja ya mafoni kapena mitengo ya pa phiri la Kasungu, n'kuchijambula pa f/2.8 chili pa kona iliyonse mwa makona anayi osakhudza mphete. Kona imodzi ikafewa kwambiri kuposa zinzake, lenziyo inagwapo ndipo magalasi anapendekeka. Imeneyo pa nyenyezi sidzagwira mbali zonse ngakhale mutapotokola bwanji. Yabwino mukaipeza, nyengo ya dzinja muziisunga m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, osati m'chikwama chimene chanyowa ndi mvula.